Kodi vitamini wa m'botolo amameretsadi mizu?

Mvula yoyamba ikagwa mumzinda wa Blantyre, ogulitsa mbande ndi maluwa m'mphepete mwa misewu amadziwa kuti nyengo yawo yafika. Timachubu takuda timandandalikidwa pansi pa mitengo, ndipo eni nyumba ku Soche East, Chitawira, Nkolokosa ndi Kanjedza amayamba kufunafuna mapeyala, mango omezanitsa ndi maluwa a mpanda. Si zonse zogulidwazo zimene zimafika mwezi wa Epulo zili moyo. Zina zimafota sabata yomweyo, zina zimangoima osakula mpaka mwiniwake kuzizula mokhumudwa.

Mantha otaya ndalama chonchi ndiwo amagulitsa mankhwala a vitamini othirira zomera. Awa ndi timadzi ta m'timabotolo timene timapezeka m'masitolo a zamaluwa m'maiko ambiri komanso timatsatsidwa pa intaneti. Munthu amadonthezera pang'ono m'madzi n'kuthirira nthambi yodula imene akufuna kuti imere mizu, mbande imene wangowokera, kapena duwa la m'nyumba limene layamba kuoneka lodwala. Ambiri mwa mankhwalawa amanyadira chinthu chimodzi, vitamini B1, yemwe dzina lake la sayansi ndi thiamine.

Yankho lalifupi ndi lakuti vitamini ameneyu payekha sameretsa mizu pa chomera chimene chili ndi masamba ndipo chili m'dothi. Botolo lina likhoza kuthandiza ndithu, koma chothandizacho chimakhala china chimene chili m'botolomo, osati vitamini wolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu uja. Wodziwa kusiyana kumeneku sawononga ndalama, ndiponso amadziwa chogula pamene chomera chake chikufunadi thandizo.

Kumene nkhaniyi idachokera

Chikhulupiriro cha vitamini B1 sichidangobuka. Chidayambira pa kafukufuku weniweni amene anthu amalonda adamuthamangira asanathe.

Vitaminiyu adayamba kudziwika kaamba ka matenda a anthu otchedwa beriberi, amene ankagwira kwambiri anthu odalira mpunga wopunthidwa mpaka kuyera. M'chaka cha 1936, katswiri wa ku America Robert R. Williams adakwanitsa kumupanga mu labotale, ndipo akatswiri a zomera adayamba kumuyesa. M'chaka cha 1937, James Bonner wa kusukulu ya ukachenjede ya California Institute of Technology adaonetsa kuti nsonga za mizu ya nsawawa zodulidwa n'kuikidwa m'mbale zoyesera, zopanda tsinde ndi masamba, zimasiya kukula zikasowa vitamini B1, ndipo zimapitiriza kukula zikapatsidwa.

Nkhaniyi itafika m'magazini ya Better Homes and Gardens mu 1939, idasanduka ya zozizwitsa: maluwa akuluakulu, mitengo yosamutsidwa popanda kufota. Anthu adakhamukira m'masitolo. Koma pofika 1940, Daniel Arnon wa ku University of California ku Berkeley ndi akatswiri ena adali atayesa vitaminiyu pa zomera zathunthu, zokhala ndi masamba awo, ndipo sadapeze phindu loti n'kulozeka.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Chomera chimapanga chokha vitamini B1 m'masamba ake n'kumutumiza kumizu, monga momwe chimatumizira shuga. Muzu wa Bonner unkasowa vitamini chifukwa adaulekanitsa ndi masamba amene akadaudyetsa. Mbande ya mbawa imene mwagula ku Limbe ili ndi masamba ake. Kuwonjezera apo, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'dothi la manyowa timapanganso vitamini yemweyu. Kumuthira m'dothi lotere kuli ngati kupita ndi mtsuko wa madzi kumtsinje wa Shire.

Malo amene vitaminiyu ali wofunikadi mpaka lero ndi mu labotale, kumene akatswiri amachulukitsa mbewu monga nthochi pogwiritsa ntchito tizidutswa tating'ono kwambiri ta chomera. Chakudya cha tizidutswato chimene Toshio Murashige ndi Folke Skoog adakonza mu 1962 chili ndi thiamine, chifukwa kachidutswa kopanda masamba kali ngati muzu wa Bonner uja. Palinso kafukufuku wa ku South Korea wa mu 2005 amene adaonetsa kuti thiamine wopoperedwa pa mpunga ndi zomera zina amadzutsa chitetezo chake ku matenda ena. Zimenezo n'zosangalatsa kwa akatswiri, koma ndi nkhani ya matenda, osati ya kumera kwa mizu, ndipo milingo yake si ya kadontho ka m'keni yothirira.

Zomwe zili m'botolo

Otchuka kwambiri mwa mankhwalawa ndi SUPERthrive, amene John A. A. Thomson adayamba kugulitsa ku California cha m'ma 1940. Kwa zaka zambiri pepala la pabotolo lake linkatchula zinthu ziwiri: vitamini B1 wokwana 0.09 peresenti ndi 1-naphthyl acetic acid, mwachidule NAA, wokwana 0.048 peresenti. Dzina lachiwirili, limene ogula ambiri saliwerenga n'komwe, ndilo lili ndi nkhani.

NAA ndi mmodzi mwa mahomoni a zomera otchedwa auxin. Chomera chimapanga auxin wake kunsonga za mphukira ndi m'masamba anthete, ndipo amatsikira kumunsi. Nthambi ikadulidwa, auxin amaunjikana pabala la kumunsi n'kuchititsa maselo a pamenepo kuyamba kupanga mizu. Frits Went ndi Kenneth Thimann adatsimikiza ntchito imeneyi mu 1934, ndipo chaka chotsatira akatswiri a ku Boyce Thompson Institute ku New York adaonetsa kuti NAA ndi mnzake wotchedwa IBA, onse opangidwa ndi anthu, amameretsa mizu pa nthambi zodula. Awiriwa ndiwo ali mu ufa ndi timadzi tomeretsera mizu timene alimi a maluwa padziko lonse amadalira kufikira lero.

Choncho mukatenga botolo m'sitolo, tembenuzani muwerenge kumbuyo, pakuti zosakaniza zimasiyana malinga ndi kampani, dziko ndi chaka. Mukaona NAA kapena IBA, muli mahomoni omeretsa mizu. Mukaona manambala atatu monga aja timawadziwa pathumba la feteleza, muli chakudya cha mbewu, ndipo kubiriwira kumene mudzaone n'kwa feteleza ameneyo. Mabotolo ena ali ndi madzi ofinyidwa ku ndere za m'nyanja ya mchere, monga Kelpak wa ku South Africa wopangidwa kuchokera ku ndere yotchedwa Ecklonia maxima, ndipo amenewa ali m'gulu lawolawo. Botolo lolembedwa vitamini B1 yekha ndi madzi, kapena losatchula n'komwe zimene zili m'katimo, lisiyeni pashelefu.

Chimodzimodzi mapiritsi a vitamini B a kufamase amene ena amaphwanyira m'madzi othirira. Amenewo ndi a anthu, ndipo munthu ndiye sangathe kudzipangira vitaminiyu m'thupi mwake. Tinganene mongodutsa kuti vitamini B1 wambiri wa m'chimanga amatsalira m'madeya tikamakonola, kotero banja lodya mgaiwa limapindula naye kuposa momwe duwa lililonse lingapindulire.

Nthambi zodula

Mlimi wa m'dziko muno safunika kuuzidwa kuti nthambi imamera. Chinangwa chimadzalidwa ndi zidutswa za mtengo wake za masentimita 25 mpaka 30, mbatata ndi kholowa, nzimbe ndi zidutswa zokhala ndi mfundo. Mpanda wa nkhadze, mabulosi, kachere, gliricidia ndi chammwamba zimaphuka zikangozikidwa m'dothi lonyowa. Minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi Mulanje imadzalidwa ndi mbande zochokera ku tizidutswa ta tsamba limodzi tomeretsedwa m'manazale a mthunzi. Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene chidadikira vitamini.

Zomera zimasiyana. Zofewa ndi zamadzimadzi, monga maluwa ambiri a m'miphika, zimamera mosavuta ndipo kuzithira mankhwala n'kungotaya ndalama. Zamtengo wolimbirapo, monga bougainvillea, hibiscus ndi rozi, zimamera popanda mankhwala koma zambiri zimafera m'njira, ndipo apa ndi pomwe auxin amasintha zinthu: zomera mizu zimachuluka, ndipo mizuyo imatuluka msanga. Ufa wa Seradix, wodziwika kwa nthawi yaitali kum'mwera kwa Africa, umabwera m'milingo itatu ya IBA: 0.1 peresenti ya nthambi zanthete, 0.3 ya zokhwimirapo ndi 0.8 ya zolimba. Yerekezani manambalawa ndi 0.048 uja, amene amasungunulidwanso m'madzi ambiri asanafike pachomera, ndipo muona kuti wofuna kumeretsa nthambi yovuta apindula kwambiri ndi ufa womeretsera mizu kusiyana ndi timadzi ta vitamini. Mango ndi mapeyala ndiye osataya nazo nthawi: njira yake ndi kudzala njere n'kumezanitsa.

Ngakhale ufawo sungapulumutse nthambi yodulidwa mosasamala. Dulani m'mawa, pamene chomera chili ndi madzi okwanira, kuchokera pa mtengo wathanzi wopanda maluwa panthambipo. Gwiritsani ntchito mpeni wakuthwa ndi woyera kapena lezala yatsopano, ndipo dulani pansi pang'ono pa mfundo, pomwe pamatuluka tsamba, chifukwa mizu imakonda kutulukira pamenepo. Kachidutswa ka masentimita 10 mpaka 15 n'kokwanira pa maluwa ambiri. Thotholani masamba a kumunsi n'kusiya awiri kapena atatu a kumtunda. Akakhala aakulu, aduleni pakati. Musawachotse onse pa nthambi yanthete, pakuti ndiwo amapanga shuga, auxin ndi vitamini B1 yemwe uja.

Ngati muli ndi ufa, tsanulirani pang'ono pachivindikiro, nyowetsani kumunsi kwa nthambi, kukhudzitseni paufapo n'kukutumula kuti kutsale wochepa. Bowolani kaye dzenje ndi kamtengo kuti ufawo usapukutike polowetsa. Mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi kompositi woola bwino umaposa dothi la katondo, chifukwa mizu yatsopano imafuna mpweya monga momwe imafunira madzi.

Mdani wamkulu wa nthambi yopanda mizu ndi kuuma. Ikupitiriza kutaya madzi kudzera m'masamba koma ilibe chomwera. N'chifukwa chake iyenera kukhala pamthunzi wowala, itavundikiridwa ndi pepala la pulasitiki loonekera kapena botolo la zakumwa lodulidwa pakati, ndipo muzitsegula pang'ono tsiku ndi tsiku kuti isaole. Dzuwa la Okutobala likawomba papulasitikipo, nthambiyo imapsa tsiku lomwelo. Kuzizira kwa chiperoni mu Juni ndi Julaye nako kumachedwetsa mizu, kotero wodula nthawi imeneyo asafulumire kutaya mtima. Ndipo chizolowezi chozula nthambi masiku atatu alionse kuti muone ngati yamera chimadula timizu timene mukufunato. Dikirani masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi. Mukaikoka pang'ono n'kumva kuti yagwira, yamera.

Kuwokera

Pamabotolo ambiri pamalembedwa kuti mankhwalawo amateteza mbewu ku kufooka kobwera chifukwa chosamutsidwa. Kufookako n'koona, koma gwero lake ndi madzi. Chomera chimamwa kudzera m'timizu tosalimba tonga ubweya timene tili kunsonga za mizu. Pozula, timizuti timaduka, pomwe masamba akadali ochuluka monga kale ndipo akutulutsabe madzi. Chomera chimafota chifukwa chikutaya ochuluka kuposa amene chikumwa, ndipo chimakhala choncho mpaka timizu tatsopano titamera. Palibe vitamini amene angamwe madzi m'malo mwa muzu.

Alimi a fodya ndi a tomato adaidziwa kale nzeru ya apa. Amakhwimitsa mbande pochepetsa kuthirira ndi mthunzi kwa sabata imodzi kapena awiri asanawokere, amathirira nazale mokwanira asanazule, ndipo amawokera madzulo kapena tsiku la mitambo. Mbande ya m'chubu imafunanso zomwezo. Ing'ambeni chubu m'malo moikoka, dothi lake lisagumuke. Mizu ikakhala itazungulirazungulira pansi pachubu, iwongoleni kapena iduleni ndi mpeni, apo ayi idzapitiriza kuzungulira m'dzenje ndipo mtengo udzapinimbira. Dzalani mozama monga momwe idalili m'chubu, osakwirira tsinde. Tsenderani dothi ndi manja, thirani madzi ambiri nthawi yomweyo kuti dothi ligwirane ndi mizu, kenaka phimbirani ndi udzu wouma koma usakhudze tsinde, kuopa chiswe ndi kuola. Feteleza wa mphamvu monga urea asayandikire mizu yovulala, chifukwa amaiwotcha.

Nkhaniyi ikupitirira pa maluwa a pakhomo. Chaka chilichonse dziko lino limakhala ndi nyengo yodzala mitengo kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, ndipo kwa anthu okhala m'munsi mwa phiri la Soche kudzala mitengo si mwambo chabe. Mu Marichi 2023, namondwe wa Freddy adagumula matope ndi miyala kuchokera m'phirili n'kukokolola nyumba ndi miyoyo ya anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Magulu a achinyamata, mipingo ndi makampani amene amakwera phirili ndi mbande amakhala ndi ndalama zowerengeka, ndipo funso la kumene ndalamazo zipite ndi lenileni. Mbande yodzalidwa paphiri imafa ndi ng'amba ya pakati pa dzinja, udzu woitsamwitsa, mbuzi, moto wa m'chilimwe ndi nkhwangwa. Ndalama ya botolo la vitamini ingachite zambiri italipira munthu wopalira, wolambula njira zotchinga moto ndi wothirira mvula ikadula. Kudzala kumayambiriro kwa nyengoyi, nthaka itanyowa bwino, kumapatsa mbande miyezi itatu kapena inayi ya mvula, pomwe yodzalidwa kumapeto kwa Marichi pofuna chithunzi cha m'nyuzipepala imakumana ndi chilimwe mizu isanazame.

Maluwa a m'nyumba

Apa ndi pomwe timabotoloti timagulidwa kwambiri, ndiponso pomwe timasokoneza kwambiri. Duwa la pabalaza likayamba chikasu, mwiniwake amaganiza kuti lili ndi njala kapena lafooka, n'kulithira madzi a vitamini. Komatu nthawi zambiri chimene chikulipha ndi madzi omwewo. Dothi la mumphika likakhala lonyowa nthawi zonse, mizu imasowa mpweya n'kuola, ndipo duwa lamizu yoola limafota ngati laludzu. Kulithira madzi ena, kaya a vitamini kaya a pampopi, n'kulifulumizitsa kufa.

Musanagule kanthu, pisani chala m'dothi masentimita awiri kapena atatu. Mukamva chinyezi, musathirire. Yang'anani ngati mphika kapena ndowa ili ndi mabowo pansi, ndipo musasiye madzi ataima m'mbale ya pansi pake. Nthawi yozizira maluwa amamwa pang'ono, kotero ndondomeko yothirira ya Okutobala siyenera kutsatidwa mu Julaye. Alovera ndi maluwa ena a masamba onenepa amapirira kuiwalidwa kwa masabata awiri, koma sapirira kuthiriridwa tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi kuwala. Nyumba zambiri za m'tauni zili ndi makatani okhuthala ndi mipanda yaitali ya njerwa pafupi ndi zenera, ndipo duwa la pakona ya chipinda limakhala mumdima ngakhale ife tikuona bwinobwino. Likamatalika monyozoloka, masamba ali patalipatali, likufuna zenera. Chachitatu ndi chakudya: dothi la mumphika limatha mphamvu pakapita chaka kapena ziwiri, ndipo mankhwala ake ndi kusintha dothi kapena kuthira feteleza wosungunula pang'ono m'nyengo yotentha. Opanga SUPERthrive eniake amanena kuti mankhwala awo si feteleza ndipo salowa m'malo mwa feteleza.

Kwa amene wagula kale

Botolo likakhala lili kale m'nyumba, palibe chifukwa cholitayira. Pamlingo wolembedwa silivulaza chomera. Wa SUPERthrive ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a kasupuni ka tiyi, kapena kuti mililita imodzi ndi pang'ono, m'malita pafupifupi anayi a madzi. Sakanizani okwanira tsiku limenelo ndipo thirani pamizu pa tsiku lowokera, kapena viikani kumunsi kwa nthambi zodula musanazizike. Sungani botolo pamthunzi, kutali ndi ana.

Chofunika kupewa ndi maganizo akuti kuchulukitsa ndiko kuthandiza. Auxin akachuluka amaletsa mizu kutalika, amapiringiza masamba, ndipo akhoza kupha chomera. Mankhwala opha udzu a 2,4-D, amene alimi ena amawadziwa, ndi auxin wopangidwa ndi anthu yemwe amapha pokulitsa chomera mosalongosoka. Pa ndiwo zamasamba ndi zina zodyedwa, tsatirani zimene pepala la pabotolo likuloleza.

Umboni wa mnansi wakuti "ndidathira ndipo lidachira" ndi wovuta kuutsutsa, chifukwa duwalo lidachiradi. Chimene sitidziwa n'chakuti likadatani popanda mankhwalawo. Munthu amene wawononga ndalama pabotolo amayambanso kusamala: amathirira panthawi yake, amasuntha mphika, amayang'ana duwa m'mawa uliwonse. Zomera zambiri zofota powokera zimadzuka zokha pakatha masiku angapo, ndipo ulemu umapita ku chilichonse chimene chidathiridwa dzulo lake.

Wogulitsa mbande amene akuganiza zoika mankhwalawa pa ndalama zoyendetsera nazale yake akhoza kudzipezera yankho ndi mtengo umodzi wa hibiscus. Adule nthambi 30 zofanana tsiku limodzi, azizike mumchenga umodzi pamthunzi umodzi. Khumi azithirire madzi okha, khumi madzi a vitamini, ndipo khumi zotsalazo azikhudzitse pa ufa wa IBA. Alembe zizindikiro pamachubu, makamaka pansi pake kuti wothirira asakondere, kupatula pa tsiku lothira mankhwala. Pakatha masabata asanu ndi limodzi azizule zonse, atsuke mizu, awerenge zimene zamera m'gulu lililonse ndi kuyeza kutalika kwa mizu yake, kenaka abwerezenso ndi bougainvillea, amene ndi wovutirapo.